Maso pansi, bala likukula

Mwana wanga wamkazi ndinamulera monga anandilerera mayi anga: wamkulu akamalankhula, maso pansi. Kutchalitchi kwathu ku Germantown, kudziko la eni kuno kumene tinasamukira, azimayi ankachita kumuloza, amvekere, "Mwana ndi uyu, osati obadwira kunowa."

Atayamba maphunziro a unamwino, anamutumiza kukaphunzira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Tsiku lina masana ndinangoona walowa, yunifolomu ili m'thupi, nsapato osavula.

"Amayi, akuti andichotsa sukulu."

Anafotokoza kuti anaona gogo wina atayamba bala pamsana chifukwa chogonera mbali imodzi osatembenuzidwa. Anapita kwa namwino wamkulu, manja kumbuyo, maso pansi, n'kuyamba ndi "pepani" ndi "mwina ndaona molakwika." Mayiyo anangogwedeza mutu n'kupitiriza zake. Bala linakula. Tsopano mphunzitsi wake akuti namwino woopa kulankhula ndi woopsa, ndipo Lolemba amuyesa komaliza. Akalephera, basi.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, za mabala sindizidziwa. Ndinalowa kuchipinda, ndinagwada, ndinati Ambuye, mwanayu munandipatsa ndinu. Nditatuluka ndinakoka mpando wa kukhitchini.

"Namwino wamkulu uja ndine. Ndiuze."

Anayamba, maso ali pa matailosi.

"Ukuuza ndani pansipo? Dzutsa mutu."

"Amayi, sindingathe. Inuyo?"

"Gogoyo si mayi wa munthu? Iwe uli kalikiliki ndi ulemu, iye msana ukuwola!"

Anadzutsa mutu. Chibadwire mwanayu anali asanandiyang'anepo choncho, ndipo mawu akuti "mwano umenewo" anafika pakhosi. Ndinawameza.

"Wodwala wa m'chipinda chakumapeto ali ndi bala," anatero. "Bwerani mumuone."

"Ndatanganidwa," ndinayankha, ndikutembenukira kumbali.

Mumtima ndinati walephera. Kenako anazungulira mpando n'kudzaima patsogolo panga.

"Ayi. Panopa."

Tinabwereza Loweruka lonse, ndi Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Lolemba ndinamuperekeza kokwerera sitima, ine n'kubwerera ndikusala kudya, foni ili m'manja. Ikangoti phethi, ine maso pomwepo, kupeza ndi uthenga wa gulu la amayi a mpingo. Mwana wanga anaimba dzuwa litapendeka.

"Amayi, ndakhoza. Akuti ndinachita kuwaopseza."

Ndinalira ngati mwana. Lero ndi iye amene amalandira ophunzira atsopano pawodi pake, ndipo anakhazikitsa kuti wophunzira akabwera ndi nkhani ya wodwala, wamkulu aziima n'kumumva mpaka amalize, ngakhale mawu ake akhale apansipansi. Mulungu ndi wabwino, abale.