Mlendo amene anaponya dothi m'manda a bambo

Chaka chimene ntchito zinauma ku Dublin ndinkakhala ku Swords, ndipo ndinkasesa m'ndege zikatera. Masiku ogwira ntchito anali atatidulira, kutsala atatu pasabata. Sindinkadandaula kwenikweni, poti kumudzi kunali achimwene anga, msilikali wa zaka zambiri, amene ankasunga amayi pamodzi ndi ana a mlongo wathu.

Pawailesi nkhani inali yomweyomweyo. Maiko awiri akuluakulu ankaopsezana, uyu watumiza sitima zankhondo, uyu wathamangitsa kazembe wa mnzake. Kenako makalata achinsinsi a akazembe a limodzi mwa maikowo anatayikira pa intaneti. Pa tiyi tinkangoseka kuti nawonso akuluakulu ndi amiseche. Ndinaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsiku lina mnzanga wa ku Zambia, amene tinkasesa naye, anandipatsa foni yake.

"Mudala, na ku Malawi alembako. Si munali ticha wa ma diplomat, imwe? Onani iyi."

Sanalakwitse. Ndisanabwere kuno ndinkaphunzitsa Chichewa mkulu wina wa ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwelo ku Lilongwe. Anali wanzeru, wodziwa kuwomba m'manja polonjera, ndipo ine ndinkamunyadira mopusa. Bambo atamwalira anabwera yekha kumudzi, galimoto yake ndiyo inanyamula bokosi. Kumanda anapempha khasu kwa adzukulu, naye n'kuponya dothi. Achimwene atandifunsa kuti mzunguyu ndani, ndinawayankha kuti amasuke, ameneyu ndi m'bale wathu.

Titabwerako kumanda tinakhala pamthunzi amuna okhaokha. Amalume anafunsa achimwene chifukwa chimene sanabwerere bambo akudwala. Achimwene, munthu wosalira wamba, anagwetsa misozi. Anati anapempha tchuthi kangapo koma anakanizidwa, chifukwa kukampu kunali alendo ochokera kudziko lija lolimbana ndi la mzunguyo, akuwaphunzitsa zida zatsopano zimene boma linali lisanalengeze. Sankaulula chinsinsi, ankapepesa kwa abale ake. Mzungu uja anali pambali pawo, atawagwira paphewa.

Zonsezo ndinazipeza pa foni ya mnzangayo, nditaimirira pakati pa mipando ya ndege, thumba la zinyalala lili m'manja. M'kalata yakeyo mzungu uja dzina la achimwene sanalembe, ndiye kuchenjera kwake kumeneko. Koma analemba udindo wa achimwene, kampu yawo, mudzi wathu, tsiku la maliro, ndiponso kuti ndi mkulu wake wa mphunzitsi wake wa Chichewa. Nanga pamenepo dzina n'lachiyaninso? Kumapeto anaonjezera kuti mawuwo ngodalirika, chifukwa mwini wake anali pachisoni ndipo sankasankha zolankhula.

Mzere umenewo ndi umene umandiwawa mpaka lero. Ndiye kuti pamene ankasisita phewa la achimwene, m'mutu mwake ankawerengera kuti misoziyi yakwana, munthuyu sakunama. Ngakhale Chichewa chimene anamvera zonsezo ndinamuphunzitsa ndine. Ndinakwiya, ndinachita manyazi, ndipo ndinasowa womukalipira. Ndinamulembera kalata pa intaneti, inabwerera. Anali atasamukira kudziko lina kalekale, mwina atakwezedwanso pantchito.

Kwa sabata ziwiri ndinkadzinamiza kuti makalatawo ndi ambiri, palibe angafike pa yathu. Ndinaopa kuimba kumudzi. Amene anaimba ndi alamu anga. Anati achimwene anaitanidwa ndi akuluakulu awo, anawasunga masiku anayi akuwafunsa mafunso, kenako anawavula yunifolomu. Nyumba ya kukampu anauzidwa kuti atulukemo mwezi usanathe. Amayi ankangofunsa kuti katundu akulongedzedweranji.

Ndinapempha kuti ndilankhule ndi achimwene. Ndinamva alamu akuwanyengerera, foni ikuyenda kuchoka dzanja lino kupita linalo. Mawu ndinali nditakonza ambiri, oti sindinadziwe, oti ndiyesetsa kuthandiza, ngakhale ndinkadziwa kuti masiku atatu pasabata sangasunge nyumba ziwiri.

"Achimwene, pepani. Ine ndinkaona ngati..."

"Usavutike," anatero, mosakweza mawu n'komwe. "Ine ndinkalira bambo anga. Iwe unandibweretsera mlembi."

Atatero anabwezera foni kwa alamu.