Justina Wokanda Mabanzi a Maliro

Munthu akamwalira pakati pa akhristu a mpingo wa Amenoni kuno kumadzulo kwa Texas, uthenga umayamba wafika kwa abusa, kenaka kwa Justina Banman. Iyeyu ndiye amakanda ufa wa mabanzi a pamaliro. Mwambo wake ngwakuti ufawo aukandire m'khitchini ya anamfedwa, kenaka amayi a nyumba zoyandikana abwere kudzatenga aliyense mbamu yake, akaphike mu uvuni wakwawo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa mayi ake ku Mexico komwe anabadwira, asanakwatiwe ndi Diedrich, wokonza mapaipi othirira minda ya thonje.

Justina si wolankhulalankhula. Chizungu amangochidziwa cha mogulira zinthu. Ali ndi mwana mmodzi yekha, Leni, amene anabwera patapita zaka zambiri za kudikira ndi kupita padera, ndipo kulikonse kumene Justina wapita, kamtsikanako kamakhala katagwira diresi lake.

Leni anali asanabayidwepo katemera aliyense. Mpingo suletsa, koma anthu ambiri kuno amangoona kuti ndi zinthu za boma, ndipo sukulu yampingo sifunsa ngati mwana anabayidwa. Diedrich ankati, "Mwana tinamupempha kwa Mulungu, osati kwa boma. Ife tonse tinadwala chikuku, suja tili moyo?"

Chaka china chikuku chinalowa m'nyumba zambiri, mpaka chinatenga kamnyamata ka banja la a Neudorf. Justina anamanga mpango wake wakuda, n'kunyamula beseni ndi mwana, ulendo wa kumaliro. Kuno mayi sasiya mwana akamapita kukathandiza kusiwa, ndipo palibe amene akanaganiza zomuuza kuti atero.

Anakanda m'mawa wonse. Amayi ankalowa ndi kutuluka ndi mbale zawo zovundikira. Justina atatukula mutu kuti apukute thukuta, anaona kuti Leni palibe. Anakamupeza kuchipinda chakumbuyo, komwe makatani anali otseka, atakwera pabedi la mlongo wake wa malemuyo, akumuonetsa chidole. Mtsikana wapabediyo maso anali psuu, akutsokomola, zidzolo zitayamba kumaso kutsikira m'khosi.

Justina anamukoka mwana wake ndi manja a ufa omwewo.

Agatha, mchemwali wake wa Diedrich, anamuona akutuluka. "Mlamu, mwaona mzukwa kodi? Nkhopeyo yayera kuposa ufa."

"Leni anali pabedi la wodwala uja."

"Ndiye bwino, adwaliretu akadali wamng'ono. Anga onse anadwala sabata imodzi, ndinangopumira pomwepo, m'nyumba munali zii ngati m'tchalitchi."

"Nanga uyu tikukamuika mawayu?"

Agatha anayang'ana pansi, n'kuvundikira mbale yake. "Ameneyo inali nthawi yake."

Madzulo Diedrich atabwera kuchokera kumunda, anapeza chakudya chisanaphikidwe, mkazi wake atakhala pampando akufunyulula tsitsi la mwana, akuyang'ana kuseri kwa makutu.

"Mayi a Leni, mukusaka nsabwe?"

"Ndamva kuti mwana akabayidwa msanga atangokhala pafupi ndi wodwala, matendawa amatha kumulambalala. Kutauni aika tenti yobayira katemera."

"Mwamva kwa yani?"

"Kwa mayi wa kusitolo ya nsalu."

"Tsono banja lino tiziyendera nzeru za kusitolo ya nsalu?" Diedrich anavula chipewa n'kukhala pansi. Sanakweze mawu. "Mwana wa msuweni wanga anabayidwa, mpaka lero salankhula bwino. Mukudziwa zimenezo. Akampweteka Leni ndi singano yawoyo, mudzandiuza chiyani?"

"Nanga akapita ngati wa a Neudorf, inu mudzandiuza chiyani? Ufa wa maliro ake adzakanda ndani? Ine?"

Diedrich anayang'anitsitsa mwanayo nthawi yaitali, kenaka anatuluka panja. Onse awiri anali ndi mantha, kungoti aliyense ankaopa zake.

M'mawa mwake, anthu akupita kumaliro, Justina anapeza kiyi wa galimoto ali patebulo. Mwamuna wake anali atakwera ya mwamuna wa Agatha, osanena kanthu. Kaya anaiwala kaya anasiyira dala, mpaka lero Justina sanamufunse.

Anayendetsa pang'onopang'ono, mphepo ikuwomba fumbi mumsewu. Galimoto iliyonse yodutsa ankaiweramira, poopa kuti ndi ya munthu wa kumpingo. Patentipo anafotokoza m'Chizungu chake chodukaduka za mwana wodwala uja, ndipo namwino anamulozera kuti adikire panja, kutali ndi ena, n'kubwera komweko ndi jakisoni. Leni analira pang'ono, kenaka anatonthola atapatsidwa switi.

"Mwafulumira, mwachita bwino," anatero namwinoyo, akulankhula mwapang'onopang'ono kuti amve. "Koma sindingakulonjezeni. Musapite naye pagulu milungu itatu. Akatentha thupi, imbani foni musanabwere."

Kokaika maliro aja Justina sanapiteko, koyamba chiyambire ntchito yake. Amayi ena anamunena, ena anangosiya kumupatsa moni. Iye anatseka chitseko n'kukhala ndi mwana wake. Leni akangotsokomola, mayi ake ankathamangira kukamuona. Diedrich, amene sanatchulepo za jakisoni ngakhale kamodzi, ankati akabwera kuchokera kumunda, asanasambe n'komwe, ankayamba waika dzanja pamphumi pa mwanayo, kenaka n'kuyang'ana mkazi wake.

"Sakutentha," ankatero.

"Lero," ankayankha Justina.