Thiraki Imene Inatsala Pakati pa Msewu

Kompyuta ya achimwene anga sinkatsekeka mbali imodzi, ndipo amene ndinakaidulitsa ndine. Koma ndiyambe ndi mwini wake.

Achimwene anali dalaivala wa mathiraki a katundu, aja opita kunja kwa dziko n'kubwerako patatha milungu. Tsiku lina mabuleki anakana pa chitunda, thiraki inagubuduzika, ndipo iwo anatuluka m'chipatala miyendo itafa kuyambira m'chiuno. Anabwerera ku kanyumba kawo ka lendi ku Mtendere, n'kuikidwa pa mpando wa mawilo moyang'ana khoma la mabuloko osapaka. Anzawo a pamsewu anabwera masiku oyamba ndi timabotolo ta zakumwa, kenako zii. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi mawu anayamba kuyankha ndi mutu. Kusamba ankachita kuwakakamiza.

M'nyumbamo munali kompyuta yakale ya mu ofesi, yopyapyala, imene anagula kale kuti azisungiramo nyimbo za paulendo. Tsiku lina ndapita kukawaona, anandionetsa pa foni gemu yoyendetsa mathiraki. Umanyamula katundu, umadutsa m'mapiri ndi m'matauni, mpaka kukatsitsa kwa mwini wake.

"Mwaiche, ichi chingalowe mu kompyuta yanga?" anandifunsa. Mwaiche ndi mmene amanditchulira, poti ndine wamng'ono wawo. Aka kanali koyamba kundipempha kanthu chichitikireni ngozi ija.

Ndinaiika gemuyo, koma chithunzi chinkadukaduka. Thiraki ili pano, kuphethira kamodzi ili kale m'ngalande. Achimwene anayesa kangapo, kenako anakankha kiyibodi n'kunena kuti ndizimitse. Nditayang'ana nkhope yawo ndinadziwa kuti ndawagubuduzanso kachiwiri, ndipo zinandiwawa kwambiri.

Mnzanga wina wokonza mafoni anandiuza kuti chosowa ndi gilafiki khadi, chipangizo chimene chimajambula zithunzi pa sikirini. Latsopano, iwalani, limenelo ndi la ana a kumayadi. Ine ndimagulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale zija, ndipo chuma changa chonse chinali chisipika chachikulu chimene ndinkaitanira makasitomala. Ndinachisenza kupita nacho m'tauni, m'kasitolo kena ka zida zakale za makompyuta. Mwini sitoloyo anachinyoza kaye chisipikacho mokwanira, kenako anandipatsa khadi lodzaza fumbi, fani yake yothyoka dzino limodzi. Anawonjezerapo kabokosi kogawa magetsi, akuti kakale kaja sikangathe kudyetsa khadi lotere.

Nditafika kunyumba, khadi linakana kulowa. Linali lalitali kuposa kompyuta imene. Ndinachotsa zam'kati zonse, n'kunyamula chigoba kupita nacho ku Kalingalinga kwa owotcherera mageti. Mkulu wina kumeneko anandiseka mpaka kupukuta misozi, koma anachidula bwinobwino. Khadi linalowa, mutu wake uli kunja. Chivindikiro sichinakwanenso. Kabokosi ka magetsi kanakhala pambali pa njerwa, mawaya ali lendelende ngati matumbo a mbuzi. Chinali chinthu chonyansa, koma nditayatsa, msewu unayalika pa sikirini osadukanso.

Achimwene anachita kusintha thupi. Magetsi kwathu amabwera pamene afunira, ndiye iwo ankadzuka m'mawa kukonzeka ngati munthu wodikira kuitanidwa ku ntchito. Anayamba kupempha okha madzi osamba. Anameta ndevu. Anauza akazi awo kuti awatulutsire malaya awo a ntchito a buluu, ndipo sankakhudza kiyibodi asanawavale. Ankayendetsa ngati pamsewu weniweni. Pokhota ankayatsa indiketa, pa maloboti ankaima ngakhale palibe wowaona, ndipo ngolo ankaibweza chafutambuyo osakhudza kanthu. Ndikawauza kuti athamangeko poti ndi gemu chabe, ankandiyang'ana moipidwa.

"Katundu ndi wa eni ake, mwaiche," ankatero.

Anthu a pa yadi, monga mukuwadziwira anthu a m'komboni, anapeza choseketsa. Ankasuzumira pa zenera n'kumati, "Ba draiva, lelo mwafika kuti? Mutibweretseleko nsomba." Achimwene ankayankha kuti akadali pa malire, mapepala achedwa, ndipo ankaseka nawo limodzi.

Amene sankaseka ndi alamu anga, akazi awo. Sindingawanamizire, mayi uja anavutika. Ankadzuka kukazinga vitumbuwa, kukagulitsa pamsewu, kubwerako n'kudzanyamula mwamuna wolemera kumuika pa chibekete. Mtima wawo wonse unali pa chinthu chimodzi, choti amuna awo adzaimirira. Ankawakankha pa mpando kupita nawo ku mapemphero a machiritso, m'matope ndi m'fumbi momwe. Tsopano achimwene anayamba kukana. Magetsi akakhalapo ankati ali pa ulendo, apita mawa. Abusa a kutchalitchiko atamva anagamula kuti msewu umene unadya miyendo ya munthuyo wamutsatira mpaka m'nyumba, ndipo wakhala m'bokosi lija.

Mvula yoyamba itagwa, denga linayamba kudontha. Ndinapeza alamu ataima pafupi ndi kompyuta, akuyang'anitsitsa fani ya khadi ikuzungulira.

"Mulamu, ichi chinthu chanu chimayopa manzi?" anandifunsa.

Ndinawauza kuti dontho limodzi lokha la madzi likhoza kuchipha, makamaka chikakhala choyaka. Ndinawapatsa pulasitiki yoti azivindikira kukachita mitambo. Anailandira ndi manja awiri, n'kundithokoza.

Loweruka lotsatira masana, abusa anabwera ndi gulu la amayi a mapemphero ndi azibambo angapo. Ndinafika atayamba kale. Kachipinda kanali kodzaza, moti ndinangoima pa khomo n'kumaona kudzera pa mapewa a anthu. Magetsi analipo, ndipo achimwene anali mu malaya awo a buluu, thiraki ili pa mlatho wautali. Anali asanauzidwe kuti kubwera alendo.

Kutchalitchi kumeneko ali ndi mwambo wawo. Abusa amapempherera madzi m'botolo, kenako amawaza chilichonse cha m'nyumba, kuyambira pa chitseko. Anawaza bedi, mapoto, mpando wa mawilo, miyendo ya achimwene. Atatembenukira ku kompyuta, achimwene anakweza dzanja.

"Ba abusa, chonde, ndiimike kaye pambali. Ndili pa mlatho. Ndikangowoloka ndizimitsa, muwaze mmene mufunira."

Amayi aja anang'ung'udza kuti mwamva, chikulankhula ndi chiwanda chomwecho. Abusa anayang'ana mawaya aja ali poyera, ndipo ndinaona kuti achita mantha ndi magetsi. Ananyowetsa nsonga za zala n'kuwaza chapatali, madontho n'kugwera pa tebulo. Mtima wanga unakhala pansi, ndinaganiza kuti zathera pomwepo.

Pamenepo alamu anatenga botolo m'manja mwa abusa. Sanawaze. Anawerama, n'kulunjika pamene mutu wa khadi unatulukira, n'kukhuthulira madzi onse pa fani ija. Ndinakuwa, koma mawu anga anamira m'mapemphero. Kunamveka kuthetheka, sikirini inada, ndipo kautsi konunkha pulasitiki kanakwera kudenga.

Amayi analulutira. Wina anati chatuluka, achiona ndi maso ake. Ine ndinali kukankhana ndi misana ya anthu, ndipo azibambo awiri a tchalitchi anandigwira mikono kuti ndisasokoneze ntchito ya Mulungu.

"Manje imani," abusa anauza achimwene.

Azibambo aja anawagwira m'khwapa uku ndi uku, n'kuwakweza pa mpando. Miyendo inali lende. Abusa anafuula kuti awasiye, ndipo anawasiyadi. Achimwene anagwa chafufumimba m'madzi omwe aja, chibwano n'kumenya pa njerwa ya kabokosi ka magetsi. Magazi anadontha pa malaya a buluu. Palibe anathamangira kuwadzutsa, onse ankadikira kuti mwina adzuka okha. Abusa anapukusa mutu n'kunena kuti chiwanda chapita, chatsala ndi chikhulupiriro cha mwini wake, chimene ndi chochepa. Kenako alamu anatulutsa vitumbuwa ndi tiyi, alendo anadya.

Amene ndinawadzutsa ndine. Ankalemera kuposa masiku onse.

Madzulo ake ndinawapeza alamu kuseri akutsuka makapu, ndipo ndinawalalatira mawu amene sindingawalembe pano. Sanakweze n'komwe mutu.

"Imwe mumabwera kudzaseka nawo, mupita," anatero. "Ine nifuna mwamuna woimirira. Ngati vakubabani, muwatenge mukazibasambika mweka."

Sindinawakhululukire, ndipo mpaka lero sindinatero. Tsiku la mvula lija anandifunsa bwinobwino, ndinawayankha bwinobwino, ndipo pulasitiki yanga anailandira ndi manja awiri.

Khadilo ndinaliyanika pa denga, ndinalikwirira mu mpunga, ndinapita nalo kwa mnzanga wa mafoni. Anangolinunkhiza n'kundibwezera. Linali litapsa pamodzi ndi zam'kati zonse za kompyuta. Chigoba chija alamu anachitsuka, pano amasungiramo anyezi.

Patapita masiku ndinapita kukawauza achimwene kuti ndayamba kale kufunsafunsa, ndipeza khadi lina, ngakhale nditagulitsa nsapato zonse pa mtengo wotaya. Ndinawapeza ndevu zitayambanso kumera. Malaya a buluu anali pa khomo, anthu akupukutirapo matope.

"Usavutike, mwaiche," anatero. "Thiraki ndinaisiya pakati pa mlatho, ndi katundu wa eni ake. Kawiri konse tsopano. Dalaivala wotere salembedwanso ntchito."

Ndinayesa kuseka kuti mwina akucheza, koma sankacheza. Pa zenera panadutsa mnansi wina, n'kusuzumira monga mwa masiku onse.

"Ba draiva, lelo simunanyamuke?"

Achimwene anandipempha kuti nditembenuze mpando wawo uyang'ane ku khoma, ndipo ndinautembenuza.