Shomvi ndi Kengele Yomaliza

Mu Dar es Salaam yense, Shomvi Mwinyikondo yekha ndiye ankapempha Mulungu kuti magalimoto athithikane. Ena akamatukwana m'timabasi ta daladala, thukuta lili kamukamu, iye ankayang'ana mdipiti wochokera ku Jangwani mpaka ku Magomeni ngati mlimi amene waona mitambo. Umenewo unali munda wake. Ankagulitsamo Kengele, nyuzipepala yotuluka masana, ndipo anaigulitsa zaka makumi awiri ndi zitatu.

Kengele inabadwa m'masiku amene boma linamasula anthu pakamwa, aliyense wokhala ndi makina osindikizira n'kuyamba kudziyesa mneneri. Nyuzipepala zam'mawa zinkalemba za nduna ndi misonkhano yawo. Kengele inkalemba za mbava imene yakwapulidwa ku Kariakoo m'mawa womwewo, za mayi amene wapezerera mwamuna wake kunyumba yogona alendo, za mlandu umene wagamulidwa woweruza asanapite kukadya. Ikamakwana 2 koloko inali ili mumsewu, inki isanaume, ogulitsa atapondana zala pageti polimbirana mitolo.

Shomvi sukulu sanapite nayo patali, nkhope nayo Mulungu anaiumba ali pachangu. Koma ukaipa dziwa nyimbo. Iye anali ndi mmero. Nkhani ankazimva kwa dalaivala wobweretsa mitolo, ndipo pokuwa ankangotchula theka.

"Bwana wina wagwidwa wopanda buluku! Dzina lili m'katimu!"

Anali ndi malamulo awiri. Loyamba, sankatsegula nyuzipepala, chifukwa yotsegulidwa imaoneka yogonetsa ndipo wogula amaikana. Lachiwiri, sankabwerera nayo kunyumba. Dzanja likangotuluka pawindo la basi, miyendo yake ya matewe inkathamanga yokha osafunsa mwini wake.

Vuto lake linali kunyumba, ndipo analiputa yekha. Pokafunsira Zuhura anauza apongozi kuti amagwira ntchito kunyuzipepala. Sananame, koma mkulu uja anaona tebulo, cholembera ndi tayi, ndipo Shomvi sanavutike kumuwongolera. Patangotha sabata chikwatirane, Zuhura ali m'basi anaona mwamuna wake akuthamangitsana ndi galimoto ya mchenga. Ukwati sunathe, koma chipongwe nacho sichinathe.

"Mwabwera atolankhani? Lero mwatola chiyani, fumbi?" Zuhura ankatero Shomvi akafika pakhomo.

"Mayi a Mwajuma, popanda ine nyuzipepala ija ndi pepala chabe."

"Ndiye bwanji simutulukamo? Mbava zatulukamo, asing'anga atulukamo, mbuzi yobadwa ndi mitu iwiri inatulukamo kawiri. Inu akunyuzipepala, ngakhale khutu lokha."

Shomvi ankaseka, koma mawu amenewa ankamulasa. Sankafuna galimoto kapena nyumba yosanja. Ankafuna tsiku limodzi aike Kengele pamphasa, aloze ndi chala, mkazi wake asowe chonena.

Chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba anabwera mawailesi ambirimbiri, olongolola ngati akazi a pamtondo, n'kumaulutsa mbava ya ku Kariakoo isanasiye kulira. Kenako anabwera mafoni. Anthu a m'mabasi, amene kale ankasuzumira panja kufunafuna Shomvi, tsopano anali zyoli, maso pachikhatho. Kengele inayamba kuwonda. Otsatsa malonda anathawa, kunatsala asing'anga obweza akazi othawa ndi okulitsa zimene Mulungu anachepetsa. Pomaliza kunabwera mabasi aatali okhala ndi msewu wawowawo, odutsa pa Magomeni ngati mphepo, mawindo ali patali. Mzinda wonse unaomba m'manja. Shomvi anaona ngati amulanda munda.

Lachinayi lina mkonzi wa Kengele, bambo Lyimo, munthu amene dazi linakula pamodzi ndi mavuto a nyuzipepalayo, anaitanitsa onse pageti.

"Mawa ndiye pothera," anatero. "Tijambulitse tonse, chithunzi chikhala patsamba lapakati. Madala Shomvi, bwerani kuno kutsogolo. Inu mwatuluka thukuta kuposa tonsefe."

Shomvi anaima pafupi ndi mkonzi, mtolo wa tsikulo uli kukhwapa. Ntchito inali itatha, inde, ndipo anadziwa kuti zimenezo adzalira pambuyo pake. Koma pamene wojambula ankawerenga mpaka katatu, iye ankangoganiza za pakamwa pa Zuhura.

Lachisanu anatenga mtolo wake, nasolola nyuzipepala imodzi n'kuibisa m'malaya, osaitsegula. Imeneyo inali yokatsegulira kunyumba, pamaso pa mboni. Kenaka anakuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ananena nkhani yonse.

"Kengele yamwalira! Maliro ndi lero!"

Anthu a mu Dar es Salaam sazonda wodwala, koma maliro saphonya. Amene anali asanagule Kengele kwa zaka khumi anaimitsa magalimoto, ena akupukusa mitu kuti dziko latha, nyuzipepala yabwino ngati imeneyi. Shomvi anafuna kuwafunsa kumene anali masiku onsewa, koma analibe mpata. Isanakwane 4 koloko mtolo unali utatha.

Ali pafupi kunyamuka, daladala ina inayamba kuyenda, ndipo pawindo lakumbuyo panatuluka dzanja. Shomvi sanaganize kanthu. Miyendo inathamanga, dzanja lake linalowa m'malaya, ndipo pamene nzeru zinkamubwerera, basi ija inali ikutsetsereka kulowera ku Jangwani ndi chithunzi chake. Anazungulira kwa ogulitsa anzake mpaka ku Mwembechai. Onse anali manja lendelende, akusekerera.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, akukoka miyendo. Zuhura anali pakhonde akupala kokonati.

"Atolankhani, chithunzi chija chili kuti? Paja dzulo simunatipumitse nacho."

"Ndagulitsa," anatero Shomvi, osamuyang'ana.

"Ndinadziwa. Inu mukhoza kugulitsa ndi nsalu yokuikirani m'manda, munthu atangotulutsa dzanja pawindo."

Anapukuta manja, nanyamuka pang'ono, n'kusolola Kengele pansi pa mphasa imene anakhalira. Anali atakagula yekha masana ku Mapipa, nyuzipepala yoyamba kugula chibadwire.

Anaitsegula pamodzi. Bambo Lyimo analipo, dazi lili waliwali. Atolankhani analipo, dalaivala, ngakhale mlonda. Pambali pa mkonzi panaima munthu wopanda nkhope. Dzulo lija wojambula atamuloza ndi kamera, Shomvi anachita zimene ankachita nthawi zonse munthu akamuyang'ana: anakweza nyuzipepala m'mwamba. Chimene chinkaoneka ndi Kengele, zala zinayi, ndi miyendo pansi pake.

Shomvi anadikira chipongwe, ndipo anadziwa kuti ulendo uno chimuyenera.

Zuhura anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anaika chala pamiyendo ija.

"Matewe awa ndi anga," anatero. "Ndingawadziwe ngakhale pakati pa anthu chikwi. Katengeni misomali, tikhome pabalaza, alendo aziona kuti bambo a nyumba ino ankagwira ntchito kunyuzipepala."