Magazi mu mkodzo wa mwana wanga

Gulu la mabuku sindinalilowe chifukwa chokonda kuwerenga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndipo ndikamawerenga chala chimatsogola, pakamwa n'kumatsatira. Ndinalowa chifukwa mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe anandiuza kuti Lachinayi lililonse, ana akaweruka, amayi amakumana m'kalasi ina pasukulu, ndipo masiku ena amaonetsa kanema waulere. Kuno ku Nkhudzi kanema waulere sungamulole akudutse.

Wotsogolera anali mayi wina wochokera ku boma ku Mangochi, tinkangowaitana kuti amadamu. Ankabwera ndi timabuku ta Chichewa m'jumbo, tina ta mitengo, tina ta zinyalala za pulasitiki, tina ta nsomba. Mmodzi ankawerenga tsamba, enafe tikumvetsera, kenako n'kuyamba kutsutsana. Tsiku la kanema tinkatchinga mawindo ndi zitenje zathu, amadamu n'kulumikiza kamakina kawo ku batire, zithunzi n'kumaoneka pakhoma pambali pa bolodi.

Nthawi imeneyo mwana wanga woyamba, wamwamuna, anali ndi zaka zisanu, ndipo wachiwiri anali wakumsana. Panali patapita masabata ngati atatu chionereni kuti wamkuluyo akamakodza, kumapeto kwake kumadontha magazi. Tsiku loyamba ndinathamangira kwa amayi anga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yathu. Iwo anaseka.

"Ukunjenjemera chiyani iwe? Mwamuna ameneyo, wayamba kukula. Alongo ako onse anakodza choncho, lero ali ndi mabanja awo."

Amuna anga nawonso anati ali anyamata ankapikisana ndi anzawo pamchenga kuti aone wafiiritsa kwambiri ndani. Ndiye mtima wanga unakhala pansi. Ndinkangochapa kabudula wake n'kuyanika.

Kanema wa Lachinayi limenelo anayamba bwino. Anaonetsa pansi pa nyanja, nsomba zamitundumitundu, ife tikuzitchula maina mokuwa. Kenako anaonetsa tinkhono tating'ono tomata pa udzu wa m'madzi, ndi nsomba ina ikutitola n'kumatiphwanya m'kamwa. Mawu a m'kanemayo anati nsomba zodya nkhonozi zikutha, chifukwa ana ake amakokedwa m'mphepete mwa nyanja asanakule. Pomwepo panaoneka amayi awiri akukoka masikito m'madzi olekeza m'chiuno.

Kalasi yonse inafa ndi phwete.

"Asisi, si inu awo? Chitenje chomwechija!"

"Ine ndili ndi msana ngati umenewo? Onetsetsani bwino, amenewo ndi apongozi anu!"

Nane ndinaseka, pakuti ntchito imeneyo ndinkaigwira m'mawa uliwonse. Masikito amene anandipatsa kusikelo ndili woyembekezera ndi amene ndinkakokera bonya wa ndiwo pafupi ndi bango. Masikito sakokedwa ndi munthu mmodzi. Mbali ina ndinkagwira ine, mbali inayo mwana wanga, madzi akumulekeza pachifuwa. Ankanyadira kwambiri, ati naye ndi msodzi.

Ndiye mawu aja anapitiriza. Anati nkhono zikachuluka, likodzo limachulukanso, chifukwa tizilombo take timakulira m'nkhonomo, n'kutuluka, n'kulowa pakhungu la munthu amene waima m'madzi. Anaonetsa kabotolo ka mkodzo wofiira. Kufiira kwake ndinakuzindikira. Kenako anaonetsa bambo wina atagona pabedi la chipatala, wowonda, kapaipi katatuluka pansi pa nsalu kulowa m'thumba. Anati anayamba kukodza magazi ali mwana, palibe anachitapo kanthu, ndipo chikhodzodzo chinawonongeka pang'onopang'ono.

Zimene zinatsatira sindinazione. Wakumsana anayamba kulira, ine ndikungomugwedeza osadziwa kuti ndikumugwedeza. Ndinkawerenga m'mutu: masabata atatu. Nanga asanayambe kuoneka magaziwo, tizilomboto tinali titakhalamo nthawi yaitali bwanji? Ndipo amene ankamuimika m'madzimo tsiku ndi tsiku ndinali ine.

Atachotsa zitenje m'mawindo, amadamu anafunsa monga mwa masiku onse: "Amayi, mwaonapo chiyani?"

Mayi wina wachikulire, wogulitsa nsomba zokazinga kumsewu, anayankha msanga. "Taona kuti mukufuna tisiye masikito. Chabwino. Ndiwo muzitibweretsera ndinu m'jumbomo, amadamu?"

"Nkhono tinazipeza, tidzazisiya," anatero wina.

Anakangana kwa nthawi, ena ati olakwa ndi a maboti akuluakulu, ena ati tonse. Potsiriza ine ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Nanga mwana akamakodza magazi, koma akusewera bwinobwino, akudya?"

"Mwana wa ndani?" anafunsa mayi wa nsomba uja.

"Wa munthu wina."

"Munthu winayo milomo ikumunjenjemera bwanji chonchi?"

Ena anaseka, koma amadamu sanaseke. Anati munthu winayo apite naye mwanayo kuchipatala mawa lomwe, mankhwala alipo, ndipo amudyetse kaye chakudya chokwanira asanapite.

Ndinatuluka ndisanatsanzike. Mwana ndinakamupeza kudoko, m'madzi, akuthamangitsana ndi anzake. Ine si munthu wokalipa, koma tsiku limenelo ndinamukoka dzanja mpaka analira. Ndinamukhazika pamchenga n'kumayang'ana miyendo yake, ndikufunafuna pamene tizilombo tija tinalowera. Panalibe bala ngakhale limodzi. Ndinatola tinkhono tingapo pa bango n'kutiyika pachikhatho. Tating'ono ngati nyemba. Ndinatitaya msanga n'kupukuta dzanja pachitenje kambirimbiri.

Amayi anga atamva kuti ndikupita naye kuchipatala, sanakondwe.

"Mapilitsi amenewo ndinamva. Amazimitsa mwana wamwamuna, sadzabereka. Ufuna kumuwononga mdzukulu wanga chifukwa cha kanema?"

"Amayi, munthu uja ndamuona ndi maso anga. Ali ndi paipi."

"Wamuona pakhoma. Ukumudziwa kwawo?"

Sindinkamudziwa kwawo. Apa mantha anakhala awiri: ndikapita naye, mwina ndimuwononga, ndikapanda kupita, mwina adzagona pabedi lija. Amuna anga anangoti, "Mwana ndi wanu nonse awiri ndi amayi, muone." Ndinaganiza za alongo anga amene amayi amawatama. Mmodzi mpaka lero amadandaula m'chinena ndipo amachedwa kuchimbudzi, koma palibe amene anafunsapo chifukwa chake.

M'mawa ndinamuphikira mwanayo phala lolimba, ndinamuumiriza amalize, tinakwera kabaza. Kuchipatala anatipatsa kabotolo koti akodzeremo. Pobwera nako pamzere ndinakabisa m'chitenje, koma mayi amene anali patsogolo panga anali ndi kake kofiira chimodzimodzi. Adokotala atatsimikiza kuti ndi likodzo, anamuimika mwanayo pa kathabwa kolembedwa mizere kuti aone msinkhu wake, n'kuwerenga mapilitsi. Ndinafunsa za kubereka zija, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anati ayi mayi, chimene chimawononga njira ya ubereki ndi matendawo akakhalitsa, osati mankhwala.

Mwanayo anameza mapilitsiwo movutika, ati akuwawa. Tisanafike ndi kunyumba komwe anayamba kudandaula m'mimba ndi chizungulire. Adokotala anali atandichenjeza kuti zimenezi zimachitika, komabe nditamuona atagona pamphasa masana onse, wosafuna kulankhula, mwana amene sakhala pansi, ndinati basi ndapha mwana. Amayi anabwera, anaima pakhomo, anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kubwerera kwawo. Ndinakhala pambali pake dzanja langa lili pachifuwa chake, ndikupemphera chamumtima, mpaka anadzuka yekha n'kupempha madzi.

Masiku otsatira ndinkamulondola kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse. Ankachita manyazi. "Amama, musandiyang'ane!" Ine ndinkayang'anabe. Kufiira kunayamba kuchepa, ndipo tsiku lina, sabata yachiwiri ili mkati, mkodzo unatuluka woyera mpaka dontho lomaliza. Ndinakhala pansi pomwepo pa dothi.

Koma adokotala ananenanso kuti akabwerera m'madzi a m'bango, matendawo adzabweranso. Masikito ndinawachapa, ndinasoka mabowo, ndinawapachika pamene anayenera kukhala. Masiku ambiri tsopano ndiwo ndi masamba a maungu kapena usipa wochepa umene amuna anga amabwera nawo. Madzi osambitsa mwanayo ndimatunga pa mjigo, kutali ndithu, ndowa ziwiri. Masana anzake akamakuwa kudoko iye amaima pampanda n'kumamvetsera, ndipo ine ndimasiya chimene ndikuchita kuti ndione ngati akadali pomwepo. Nyanja ili pamphuno pathu. Sindikudziwa kuti ndidzatha kumuletsa mpaka liti.