Chiundo Cholowa Pakati

M'zaka za m'ma 1950 ndinali nawo pomanga tchalitchi cha kwathu, kufupi ndi Nambuma. Wansembe wathu anali Mfalansa wachikulire, wouma mutu ngati ine ndemwe. Ankayenda ndi chithunzi cha tchalitchi cha kumudzi kwawo: chamiyala, makoma ochindikala, khomo lopindika pamwamba ngati uta, ndi nsanja ya belu imene ankati inapsapo n'kumangidwanso. Ankafuna kuti chathu chanjerwachi chitengereko.

Akapitawo anandipatsa chiundo cha khomo lalikulu. Inali ntchito yanga yoyamba kuigwira ndekha, ndipo anandiuziratu kuti ndikailakwitsa ndibwerera kokaponda dothi. Ndinali nditangokwatira kumene, apongozi atalengeza kale mudzi wonse kuti mkamwini wawo ndi mmisiri.

Ndinabwereka chithunzi chija n'kuchiyang'anitsitsa. Mwala wa pachiundo unali wolowa pakati ngati mphero. Mumtima ndinati azungu sachita chinthu popanda chifukwa. Levulo yowongolera ntchito ndinaiika pambali, n'kusalaza simenti ndi chikhatho mpaka inalowa ndendende ngati pachithunzipo. Ndinadzitama, osanama.

Patapita masiku atatu kunagwa mvula, madzi n'kudikha pachiundo panga. Akapitawo anandikalipira anthu akuona, akufunsa ngati anandituma chomwera nkhuku. Manyazi anandigwira, mtimanso unawira. Wansembe atafika ndinawalozera chithunzi chawo chomwe.

Anachiyang'anitsitsa. Kenako anandifotokozera, ndi Chinyanja chawo cha m'mphuno, kuti mwalawo unaikidwa wosalala bwinobwino, koma unadyeka ndi mapazi a anthu kwa zaka mazanamazana. Agogo awo anapondapo. Amayi awonso anapondapo, amene anamwalira iwo ali kuno, osapita kukawaika.

Ndinatola hamala kuti ndigumule, koma anandigwira mkono. Anaponda m'madzimo ndi nsapato zomwe, misozi ikulengeza m'maso.

"Musagumule, mwana wanga. Chichokereni kwathu, phazi langa linali lisanapeze malo ake."

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinawakonda. Akapitawo anangokanda m'mutu n'kundituma kukamanga mazenera.

Chiundocho chinkasungabe madzi, azimayi n'kumadandaula kuti chikuwanyowetsera nsalu. Choncho nyengo ya dzinja ndinkalawira ndi tsache Lamulungu lililonse kukakankha madziwo. Ndinawakankhanso m'mawa umene tinawadutsitsa pomwepo wansembe wathu, ali m'bokosi.