Chiwongolero cha kaboti ka abwana

Ntchito ya kukopaletivu itatha zaka zija za m'ma 90, ine Yotamu Zulu, munthu woti ndinkamasula injini ya thirakitala ndekha, ndinakhala pakhomo kumangoyang'ana nkhuku. Mlamu wanga ndiye anakandilankhulira kwa mmwenye wina wa sitolo ya nsalu m'tauni ya Chipata. Mmwenyeyo anali ndi malole, komanso kaboti ka injini kokawedzera nsomba kudamu Lamlungu. Anandilemba kuti ndizithandiza makanika wake, a Lungu. Tsiku loyamba a Lungu anandipatsa moni wa nsonga za zala, ndipo ndinadziwiratu kuti munthuyu sakundifuna.

Chiwongolero cha kabotiko chinali chapulasitiki, dzuwa linachiwotcha mpaka kung'aluka. Abwana anati, "Zulu, kafune china. Ukalakwitsa, ntchito yatha." A Lungu msangamsanga, "Upite kwa mphwanga kumsika, ali nacho chatsopano cha ku Joni." Ndinadabwa. Chinthu chili kwa mphwawo, bwanji osakatenga okha n'kuyamikiridwa? Ndinati apa pali msampha.

Zolemba za pamakatoni sindiwerenga bwino, ndipo sindibisa. Ine ndimawerenga chitsulo. Shafiti ya boti siili ngati ya galimoto. Ya galimoto ili ndi timano kuzungulira. Ya boti ndi yosalala, yonenepa kunsi, yowonda kumwamba, ndipo ili ndi kamphako kolowa kachitsulo kotchedwa kiyi, kamene kamaletsa chiwongolero kuzungulira chokha. Ndinatenga mtengo wa mlombwa n'kusema chikhomo chofanana ndi shafitiyo, ndi mpeni ndi tupa, mpaka chiwongolero chakale chija chinakhalapo bwinobwino.

Kumsika mphwawo uja anatulutsa chiwongolero chowala, m'katoni ya chithunzi cha mzungu ali paboti. Nditalowetsa chikhomo changa chinayamba kuvina. Kusuzumira m'bowo, timano tokhatokha, malo a kiyi palibe. Cha galimoto.

"Madala, mungomenya ndi hamala, chilowa," anatero.

"Hamalayo umenyere mutu wako, mwina nzeru zingalowe," ndinamuyankha mokweza, amayi ogulitsa kapenta onse n'kutembenuka.

Ndinazungulira magalaji onse, palibe. Kenaka wina anandiuza za mkulu wina ku Kasenengwa amene kale ankayendetsa maboti a azungu ku Luangwa. Ndinapalasa njinga. Ndinapeza chiwongolero cha aluminiyamu, chotuwa, chili pansi pa nkhokwe, nkhuku zitachipaka zitosi. Chikhomo changa chinalowa kuti gwa, osagwedera.

Pofika kuntchito ndinapeza a Lungu atalima kale m'makutu mwa abwana. Abwana anachinyamula ndi zala ziwiri. "Ichi watola kudzala?"

"Chimenechi chikazuka pakati pa madzi, bwana," anatero a Lungu, maso ali kumbali.

Abwana anatembenukira kwa ine. "Manga. Lamlungu ukwera nane."

Tsono ine ndinabadwira kumapiri. Madzi akafika m'chiuno, kwa ine ndi nyanja. Kusambira sindidziwa, koma kukana kukanakhala kuvomera kuti chitsulo changa sindikuchikhulupirira, ndipo ana akanagona ndi njala. Ndinapukuta shafiti, kupaka girisi pang'ono, kuika kiyi, washala, nati, n'kukoka sipanala mpaka mkono kulira.

Lamlungu abwana anathamangitsa kabotiko ngati atumidwa. Kukhotera uku, kukhotera uko, mwadala, madzi akulowa m'mphepete, iwo akundiyang'ana kumaso m'malo moyang'ana kutsogolo. Ndinagwira thabwa n'kumanena Tikuoneni Maria chamumtima, koma nkhope ndinaiumitsa. Chiwongolero sichinagwedere ngakhale pang'ono. Titafika kumtunda ndinakhala pansi n'kunamizira kumanga nsapato. Abwana anangoti, "Mawa ubwere m'mamawa, lole ikudontha oilo."

Mpaka lero ndimati a Lungu ndiwo anawanong'oneza abwana kuti sindisambira. Mkazi wanga amati ndi mtima wanga wokayikira anthu. Mwina. Koma kuchokera pamenepo, chilichonse chimene ndamanga, kaya ndi buleki ya lole kaya gudumu la ngolo, woyamba kukwerapo ndine. Ndipo makanika akandikonzera chinthu n'kunena kuti "pitani, chili bwino," ndimamutsegulira chitseko n'kumuuza kuti akhale kutsogolo.